Musathamangire chitofu cha Dover musanaganize za chumuni ndi nkhuni

Chiyambireni mavuto a malaiti a 2024 aja, anthu kuno ku Chipata ayamba kukumbukira zinthu zimene tinaziponya kuseri kwa nyumba kalekale. Chilala chija sichinali chamasewera, mpaka a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku damu la Kariba kumene amapangira malaiti anaphwera, ndipo pofika Seputembala malo ambiri malaiti ankangobwera maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku anthu tonse tili mtulo. Makala nawo anakwera, anyamata a njinga aja amene amatsika nawo mmawa kuchokera kumidzi anayamba kutchula mitengo yoti munthu umayamba waseka kaye. Ndiye wina anathamangira sola, wina gasi, ndipo ena ochepa anayamba kufunsa za zitofu zakuda zachitsulo zija, za nkhuni, zokhala ndi uvuni pambali. Ine ndili nacho chimodzi, chinachokera kunyumba kwa ambuya anga, ndipo mafunso a pa WhatsApp achuluka moti bola ndilembe kamodzi.

Ambiri timachidziwa ndi dzina lakuti Dover. Chili ndi miyendo inayi yaifupi, pamwamba pali mbale zozungulira zimene umanyamula ndi kambedza kachitsulo, mbali imodzi kuli kachipinda ka moto ndi kabokosi ka phulusa pansi pake, mbali inayo kuli uvuni. Zambiri zimene zili kuno zinachokera ku South Africa, ndipo zinadzaza m'nyumba za m'mafamu a fodya, ku mamishoni ndi m'nyumba za boma nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson. Chitsulo chake ndi cast iron, chosungunula n'kuthira m'chikombole cha mchenga, osati malata opinda ngati a mbaula. Chili ndi carbon wambiri, pakati pa 2 ndi 4 peresenti, ndiye chimasunga kutentha nthawi yaitali ndipo sichipindika msanga ndi moto, koma nchosalimba mtima pa nkhani ya kugwa kapena kuzizira mwadzidzidzi, chimangoti thyo basi.

Nkhani yanga ndi yakuti chitsulocho ndi gawo laling'ono la ntchito yonse. Anthu amataya ndalama zambiri kugula chitofu, pa chumuni n'kuyamba kuumira, nkhuni n'kumatola zaziwisi, kenako amati Dover ndi yautsi, yodya nkhuni, zinthu zachikale. Pamene chitofucho chilibe mlandu.

Tiyambe ndi kugula, poti zambiri zimene mungapeze ndi zakale. Pitani masana ndi tochi, muchotse mbale zonse zapamwamba muone mkati. Chofunika kwambiri ndi khoma lolekanitsa moto ndi uvuni, likakhala long'ambika utsi ndi phulusa zizilowa mu buledi wanu. Onaninso zitsulo zimene nkhuni zimakhalapo zija, za mipatamipata kuti phulusa lizigwera pansi, chifukwa ndi zimene zimayamba kutha. Gogodani mbale iliyonse ndi sipanala, yabwino imalira ngwee, yong'ambika imangoti pho. Dzimbiri la pamwamba lisakuopseni, limachoka ndi bulashi ya waya, koma pamene chitsulo chikufumbutuka mukakanda ndi msomali ndiye kuti chapita. Ndipo muwerenge zitseko, mbale ndi timahinji, chosowa chilichonse mudzachifunafuna mpaka kutopa, ku Down Shops simungangolowa n'kunena kuti ndipatseni chitseko cha uvuni wa Dover.

Wogulitsa akakuuzani kuti mng'alu uwu ndi waung'ono, aliyense wowotcherera ku Kapata atseka, musavomere msanga. Cast iron siwotchereredwa ndi ndodo wamba zimene amapangira mageti. Pamafunika ndodo za nickel, chitsulocho achitenthetse kaye chonse, awotcherere pang'onopang'ono, akatha achikwirire mu mchenga wouma kapena phulusa kuti chizizire mosathamanga. Akachita za changu, mng'alu wina umatuluka pambali penipeni pa pamene awotcherapo. Amisiri odziwa alipo, koma funsani kaye kuti anagwirapo cast iron kapena ayi. Ponyamula, chotsani chilichonse chochoka, pansi pa galimoto kapena ngolo muyale matayala akale ndi masaka, chifukwa miyendo ija ndi imene imathyoka mu mabampu.

Manje malo oika. Apa ndi pamene anthu amene anaona zitofu izi pa YouTube m'nyumba za ku Ulaya amasochera. Kumeneko akufuna kutenthetsa nyumba miyezi yambiri, ife kuno kuzizira kwenikweni ndi Juni ndi Julayi, pamene mphepo imatsika m'mapiri athuwa usiku mpaka mano kugwedezeka. Miyezi iwiri imeneyo mudzachikonda chitofu, ana adzasiya TV n'kumakhala kukhitchini. Koma ganizirani Okutobala. Chitsulo chija chikatentha sichizizira ola limodzi ayi, mukaphika nsima ya masana nyumba yonse ikhala ikutentha mpaka madzulo. Ine ndiye ndimati ikani mu khitchini ya panja, kapena pa khonde lakuseri lokhala ndi khoma lofika m'chiuno, pamene mphepo imadutsa. M'nyumba yaikulu ayi, pokhapokha ngati muli ndi mawindo aakulu mbali ziwiri.

Pansi pakhale simenti kapena njerwa zoyala bwino, ndipo papitirire kutsogolo kwa chitseko cha moto ndi masentimita 45 kapena kuposa, chifukwa makala amoto amagwa mukamasonkhezera. Pakhale polingana, yesani ndi levulo kapena mbale ya madzi, apo ayi mafuta mu pani azithawira mbali imodzi ndipo keke izituluka yopendekeka. Chilichonse choyaka, kabati ya matabwa, chitseko, makatani, mulu wa nkhuni, chikhale kutali pafupifupi mita imodzi. Khoma la njerwa lilibe vuto, kungosiya kampata koti tsache lilowe. Denga la udzu ine sindingalimbikitse munthu, pokhapokha atamanga chumuni cha njerwa chodutsa udzuwo patali ndithu. Ndipo moto umapuma, umafuna mpweya wolowa. Khitchini yotsekeka ponseponse imapangitsa chitofu kubweza utsi, siyani njerwa za mabowo pansi pa khoma kapena windo lotsegula pang'ono.

Chumuni ndiye injini yake. Amene munagwirapo ntchito m'mabani a fodya wowotcha mukudziwa kale, moto uli kuno koma chimene chikuukoka kuti udutse m'mapaipi onse ndi chumuni chili uko. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera, ndipo pokwerapo umakoka mpweya watsopano kulowa pansi pa nkhuni. Mu Dover kukoka kumeneku kuyenera kukhala kwamphamvu chifukwa utsi sungotuluka molunjika, umayenera kudutsa pamwamba pa uvuni, kutsika pambali, kudutsa pansi pake, ndiye n'kukwera. Chumuni chachifupi kapena chozizira sichingakwanitse ulendo umenewo.

Choncho paipi ikhale yaikulu molingana ndi pakamwa pa chitofu, osachepetsa. Ikwere molunjika, ngodya iliyonse imene mwaika ikudya mphamvu komanso ndi pamene mwaye umakhala. Ikatuluka padenga ipitirire pafupifupi masentimita 90, ndipo ikhale yotalika masentimita 60 kuposa chilichonse chimene chili mkati mwa mamita atatu, kaya ndi msonga ya denga kaya khoma la nyumba yaikulu. Aneba athu ena anatulutsa paipi pa windo n'kuisiyira pansi pa khonde la malata, ati kuopa kuboola denga. Tsiku la mphepo utsi wonse unkabwerera, amayi a m'nyumbamo maso ali psuu akuthyakula nsima, khoma lonse lakuda, mpaka anachitulutsa chitofucho n'kumaikapo mabeseni. Atawonjezera paipi n'kudutsa denga, chitofu chomwecho chinayamba kulira huu ngati chatsopano.

Pali kanthu kena kamene amisiri a malata ambiri amatembenuza. Polumikiza mapaipi, mbali yopanikiza ija, yolowa mkati mwa inzake, iyang'ane pansi. Iwo amaganiza za utsi, amati ukatuluka pa mfundo, koma utsi sutuluka chifukwa chumuni chikukoka. Chimene chimatuluka ndi phula lakuda lamadzimadzi limene limatsika m'paipi, ndipo mukalumikiza chozondoka limayenderera kunja, kununkha, kudetsa khoma. Mmisiri amene anandiikira anakana poyamba, amvekere "Amayi, ine ndapanga mapaipi zaka zambiri, madzi a mvula alowa." Ndinati atate, mvula tiitsekera ndi chipewa pamwamba, inu ingotembenuzani. Anatembenuza uku akung'ung'udza.

Pamene paipi ikudutsa denga pamafunika maso awiri. Mitengo ya denga ikhale kutali ndi paipi masentimita 45, ngati phaso lili pafupi sunthani chitofu, osati kungokulunga kansalu kapena kachidutswa ka lata. Mtengo umene ukuwambidwa tsiku ndi tsiku umauma mpaka umadzayaka ndi kutentha kochepa, patapita zaka, usiku. Pabowo pa lata aikepo kolala yachitsulo yotchinga mvula, mbali ya kumtunda ilowe pansi pa lata kuti madzi azidutsa pamwamba. Phula lomatira denga lija silikhalitsa pa paipi yotentha. Paipi ikhale yachitsulo chakuda chochindikala. Lata lonyezimira la galvanised likapsa koyamba limatulutsa utsi woyera wa zinc umene umadwalitsa, komanso limabooka msanga. Amene muli ndi ndalama pang'ono, mangani chumuni cha njerwa zootcha kunja kwa khoma, paipi ingolowamo kachidutswa kakafupi, ndipo pansi musiye kachitseko kochotsera mwaye. Chimenecho ndi cha moyo wonse.

Mkati mwa kachipinda ka moto mumakhala njerwa zapadera zosapsa, zoteteza chitsulo. Mu zitofu zakale zimakhala zitagumuka kapena kulibiretu, ndipo kusonkha moto pa chitsulo chamaliseche ndiko kumang'amba khoma la uvuni lija. Mukapeza fire cement, simenti yopirira moto, m'mashopu a zomangira, ndi bwino. Simenti wamba musayese, imasweka ndi moto. Ambuya ankamata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi njerwa yootcha yosinja, chala chimodzi kapena ziwiri kuchindikala, n'kulisiya liume lokha masiku angapo. Limang'ambika ndithu pakapita nthawi koma kumatanso sikulira ndalama. Mukapeza chingwe choyera chofumbutuka m'mphepete mwa zitseko za chitofu chakale kwambiri, chikhoza kukhala cha asbestos amene fumbi lake limadwalitsa mapapo, musachipale chouma, nyowetsani kaye, tsekani mphuno, muchotse n'kukakwirira.

Moto woyamba ukhale waung'ono, wa tizitsotso ndi zitsononkho, muusiye uzime wokha chitofu chizizire, mawa lake wokulirapo pang'ono, choncho mpaka chizolowere. Utoto ndi polishi zimanunkha poyamba, tsegulani zitseko.

Nkhuni tsopano. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo kuti uyake bwino mu chitofu madziwo ayenera kutsika pansi pa 20 peresenti. Pa mafuwa nkhuni yaiwisi umalimbana nayo, kuuzira, kukupiza, mpaka imayaka. Mu Dover imangofuka, moto wonse ukuthera kuphika madzi a m'nkhunimo, uvuni osatentha, ndipo utsi wozizirawo umamata phula m'chumuni. Youma imadziwika: yopepuka, yong'ambikang'ambika kumapeto, khungwa likusupuka lokha, mukamenyanitsa ziwiri zimalira mokweza. Yaiwisi mukaiika pamoto imalira tsii n'kumatuluka thovu kumapeto.

Mwayi wathu ndi wakuti dzuwa la Ogasiti mpaka Okutobala limaumitsa msanga, bola muwaze nkhunizo. Chipika chosawaza chimasunga madzi mkati ngakhale kunja kukuoneka kouma. Dulani zazifupi zolowa mu kachipinda kaja chitseko n'kutsekeka, chifukwa chizolowezi cha pa mafuwa chosiya nkhuni yaitali ikusuzumira kunja ndi chimene chimaononga zonse, mpweya umangolowa mwachisawawa ndipo nkhuni zimatha ngati mapepala. Muunjike pa sanja kapena pa njerwa, osati pansi, chiswe cha kuno sichichita manyazi, ndipo mufolere pamwamba pokha mbali muzisiye mphepo izidutsa. Zonsezi zichitike mvula ya Novembala isanagwe. Amene amadikira Januwale kuti ayambe kufuna nkhuni ndi amene amatukwana chitofu.

Tsanya wa ku chigwa cha Luangwa ndi mitengo ya m'tchire ngati mombo imayaka nthawi yaitali n'kusiya makala abwino, palibe angatsutse. Koma tiyeni tinene zoona, mapiri ozungulira tauni ino ameteka tikuona, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri nchakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pa chaka. Lamulo la nkhalango la 2015 limafunanso chilolezo kwa odula ndi onyamula zambiri. Ine ndimagwiritsa bulugamu wouma bwino, kesha, nthambi zosadza ku mango, ndi gliricidia amene alimi ambiri kuno anadzala m'minda kudzera ku bungwe la COMACO. Gliricidia ndi timitengo tating'ono, timayaka msanga, nchabwino poyatsira ndi pophika za changu. Malaina ndi wopepuka, sachedwa kutha. Zitsononkho zouma zimapsa kwambiri, zabwino pokweza uvuni mphindi zomaliza. Zimene simuyenera kuika ndi mapulasitiki, matabwa opaka utoto, zidutswa za mabodi a mipando, ndi mapolo othira mankhwala aja obiriwira kapena akuda a mipanda ndi a malaiti. Utsi wake ndi poizoni, phulusa lakenso chimodzimodzi.

Kuyatsa kwa mmawa kumayenda chonchi. Gwedezani zitsulo za pansi phulusa la dzulo ligwe, mukhuthule kabokosi. Kumbuyo pafupi ndi paipi pali kachitsulo kokoka kapena kotembenuza, damper, katseguleni kuti utsi upite molunjika ku chumuni. Tsegulaninso kachitseko ka phulusa. Ikani udzu kapena pepala, tizitsotso pamwamba mopingasa, yatsani, tsekani chitseko cha moto. Mukamva kulira kwa mpweya ndiye kuti chumuni chagwira, onjezani nkhuni ziwiri zitatu zowaza. Moto ukakhazikika, mphindi 15 kapena 20, tsekani damper ija, apa ndi pamene kutentha kumayamba kuzungulira uvuni, ndipo muchepetse mpweya wa pansi. Tsiku lozizira kwambiri chikamakana kukoka, yatsani kapepala mukaike pafupi ndi pakamwa pa paipi kuti mpweya wozizira wa m'chumuni uyambe kukwera. Petulo kapena palafini pa chitofu chotentha, ayi ndithu.

Kuphikapo kuli ndi nzeru yake. Palibe batani lochepetsera moto, umasuntha mpoto. Pamwamba penipeni pa moto ndi pa madzi a nsima ndi zokazinga, pakati ndi pa ndiwo, kumapeto uko ndi pa nyemba zimene zimangobwata pang'onopang'ono mmawa wonse popanda kupserera, ndi ketulo ya madzi osamba. Ukafuna changu umachotsa mbale imodzi mpoto n'kukhala pa lawi penipeni, koma udziwe kuti uda. Mapoto a pansi pophwatalala ndi amene amagwira bwino, opindika aja amangokhudza pakati. Chimene ndimakonda ine nchakuti pothyakula mpoto sugwedezeka ngati pa mbaula, ukhoza kuvundula nsima ya anthu khumi ndi manja awiri onse pa mthiko.

Uvuni ulibe nambala zosonyeza kutentha, ndiye wazani ufa pang'ono pa thireyi muike mkati. Ukafiira bwino pa mphindi zisanu, masikono ndi chigumu zilowe. Ukada msanga, tsegulani chitseko pang'ono kaye. Mbali ya kumoto imapsa kwambiri, tembenuzani thireyi pakati pa nthawi. Moto ukamazilala madzulo ponyanimo mbatata kapena nshawa, kapena nkhuni za mawa kuti ziume, bola musaiwale.

Kusamala kwake sikovuta koma sikufuna ulesi. Phulusa likadzaza mpaka kukhudza zitsulo za pansi, mpweya woziziritsa sudutsa ndipo zitsulozo zimapindika n'kutha. Likhuthulireni mu ndowa yachitsulo, makala amabisala amoto m'phulusa mpaka mawa. Likazizira lili ndi ntchito, kudimba, kuchimbudzi, ndipo la zitsononkho zokhazokha ndi chidulo chabwino cha thelele. Pansi pa chitseko cha uvuni pali kachitseko kakang'ono kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kamatseguka. Mmenemo ndi mmene mwaye umadzaza. Sabata iliyonse kapena ziwiri, chitofu chili chozizira, chotsani mbale zapamwamba, palani mwaye wa pamwamba pa uvuni ndi m'mbali kuti ugwere pansi, ndiye muukokere kunja pa kachitseko kaja ndi kachitsulo kopinda. Uvuni umene unkapsereza buledi ukayamba kutulutsa wosapsa pansi, musafunse kwina, ndi pamenepo.

Chumuni chipalidwe kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi Juni asanafike. Chingwe, kasaka kokhala ndi mwala ndi waya wopotapota, wina pamwamba wina pansi, basi. Phula louma lija likachuluka limayaka lokha m'kati mwa paipi, mumamva kulira ngati galimoto, paipi kufiira, nthethe zikuuluka padenga. Zikatero tsekani zitseko zonse za chitofu ndi polowera mpweya, tulutsani ana, nyowetsani denga mozungulira, koma musathire madzi mu chitofu. Madzi ozizira pa cast iron yotentha ndi kuswa dala, ngakhale pozimitsa moto wa masiku onse usiyeni uzime wokha. Dzinja ndi nthawi ya dzimbiri, pukutani msuzi ndi madzi a mchere zikatayikira, pakani mafuta ophikira pang'ono kwambiri ndi kansanza chitofu chikadali chofunda, m'mbali polishi yakuda ya zitofu ngati mwaipeza.

Za utsi tisazipepuse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linati mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, ndipo apa Dover yoikidwa bwino imawina mafuwa kutalitali, utsi umapita kumwamba osati m'chifuwa cha wophika ndi mwana ali kumbuyo. Koma yong'ambika kapena ya chumuni chotsekeka imatulutsa carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba, wosaoneka wosanunkha. Mutu ukayamba kuwawa ndi chizungulire muli pafupi ndi chitofu, tulukani panja msanga. Ndipo ana okwawa atchingireni, chitsulo chakuda sichionetsa kuti chatentha.

Funso limene aliyense amamalizira nalo ndi lakuti kodi chimapulumutsa nkhuni? Zimatengera nyumba yake. Ngati muli awiri ndipo mukufuna tiyi wa mmawa chabe, mukutenthetsa chitsulo cholemera chonsecho chifukwa cha kapu imodzi, bola mbaula kapena timachitofu ta njerwa ndi dothi tija ta tizitsotso timene tafala m'midzimu, timeneto ndiye timadya nkhuni zochepa zedi. Dover imabweza ndalama pa banja lalikulu, kapena kwa mayi wophika masikono ogulitsa, pamene moto umodzi ukuphika nsima, ndiwo, nyemba, madzi osamba ndi buledi nthawi imodzi. Kwathu mbaula sinachoke, Okutobala ndi yake, chitofu timayatsa masiku ophika zambiri. Ndipo mukamva kuti kwinakwake ku Katete kapena ku Lundazi kuli Dover yosweka imene akufuna kugulitsa kwa a zitsulo zakutha, ngati nambala ya saizi yake ikufanana ndi yanu itengeni, muchotse mbale, zitseko ndi zitsulo za pansi pa moto musunge, zotsalazo muwagulitse a sikelowo.